Mumagonera mapilo angati?

Mwana wa akulu anga, amene mwa chikhalidwe chathu ndi mwana wanga ndithu, akuphunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences. Zaka zoyambirira zinali za mabuku. Tsopano ayamba kulowa m'mawodi pa Kamuzu Central Hospital, ndipo posachedwapa anakhala masabata angapo akutsatira madokotala oona odwala mtima. Kutsatirako ndi kuima kumbuyo, kuona, kumvetsera ndi kulemba basi. Sapereka mankhwala ndipo sauza munthu matenda ake.

Anabwera kuno ku Mitundu Lachisanu lina, nandipeza ndili kukhitchini ndikuthamangitsana ndi dzuwa kuti Sabata lisandipeze mphika uli pamoto. Ndinatapa mchere ndi dzanja, kuthira mu nyemba, kulawa, kutapanso. Iye anangoti, "Mayi aang'ono, mchere umenewo ndi wa anthu angati?" Ndinamuyankha kuti sukulu yayamba kumuzunguza mutu, ndipo tinaseka. Koma pofika Lamulungu madzulo, pamene ndinkamuperekeza kokwera minibasi, n'kuti nditang'amba tsamba limodzi m'kope langa la maphunziro a zaumoyo, tsamba limene ndakhala ndikuliphunzitsa m'mipingo ya dera lino kwa zaka zambiri. Za tsambalo ndifikako. Ndiyambe ndi zimene iye anaona. Mayina a odwala sananditchulire, ndipo inenso sindinamufunse.

Tsiku loyamba ankayembekeza kuona makina akuluakulu ndi mawaya pachifuwa. M'malo mwake anamuimika pa sikelo. Ntchito yake inali kuyeza wodwala aliyense, kulemba makilogalamu m'buku lake lakuchipatala, ndi kuyang'ana amene analembedwa ulendo wapitawo.

"Ndinakhumudwa," anatero. "Ndinati kuwerenga konse kuja, mapeto ake sikelo ngati ya ana?"

Dzuwa lisanafike pamutu anali ataona chifukwa chake. Bambo wina anali atakwera ndi makilogalamu 4 m'mwezi umodzi, chonsecho akudandaula kuti nsima sikulowa. Munthu wosadya anganenepe bwanji? Sunali mnofu, anali madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti bamboyo ankayenda atasenza malita 4 m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo mwake. Sikelo inaona zimene maso a akazi ake sanaone.

Matendawa pa Chingerezi amati heart failure, ndipo m'buku lakuchipatala nthawi zambiri amangolemba zilembo zitatu, CCF. Dzinalo limaopsa, ngati kuti mtima waima. Sunaime. Ukugunda ndithu, koma sukukwanitsa kukankha magazi okwanira thupi. Mtima wa munthu wamkulu akapuma umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo mphindi iliyonse umakankha magazi okwana malita ngati 5. Taganizani za mjigo umene labala wake watha. Mumapopa mpaka thukuta kamukamu, madzi akutuluka pang'onopang'ono, ndowa zitandandalika kumbuyo kwanu. Mtima ukafooka, magazi amene akubwerera kwa iwo amachita mzere chimodzimodzi. Akachita mzere m'mapapo, madzi amadontheramo ndipo munthu amabanika. Akachita mzere m'thupi, mapazi amatupa, kenako miyendo, kenako mimba. Impso nazo zikaona kuti magazi akufika ochepa zimayamba kusunga mchere ndi madzi, poyesa kuthandiza, koma n'kumawonjezera katundu pa mtima wotopa kale.

Chimene chinamudabwitsa mwanayu n'chakuti madokotala ankapeza zambiri asanagwire makina alionse. Mafunso awo anali a pakhomo. Mukachoka kunyumba kupita kumjigo mumapuma kangati? Chaka chatha munkapuma kangati? Mumadzidzimuka usiku ndi befu mpaka kutsekula zenera? Ndipo funso limene ankalimva tsiku lililonse: mumagonera mapilo angati? Munthu wa mtima wofooka akagona chagada, madzi amene masana anali m'miyendo amabwerera kumtunda n'kudzaza mapapo. Ndiye amayamba kuwonjezera pilo, kenako wina, mpaka kumagona chokhala. Ambiri sadziwa kuti chimenechi ndi chizindikiro cha matenda. Amangoti ndazolowera kugona chonchi.

Atatha mafunso amamutsamiritsa wodwalayo pabedi, kumutembenuza mutu pang'ono, n'kuyang'ana mtsempha wa m'khosi ngati wadzaza. Kenako chala chachikulu pamsonga wa mwendo, kudinikiza, kuwerenga pang'ono, kuchotsa. Pakatsala kadzenje ngati pa nsima yofewa, amenewo ndi madzi.

Pa nkhani ya chomvera m'chifuwa chija anandiuza akuseka, koma ndinaona kuti inamukhudza. Dokotala wamkulu anamvetsera mtima wa mtsikana wina, n'kumupatsa iye kuti amvetserenso.

"Anandifunsa kuti wamva? Ndinati eya. Koma mayi, sindinamve kanthu. Ndinangomva du-du, du-du, ndi phokoso la anthu pakhonde."

Dokotalayo anamufunsa kuti wamva chiyani, ndipo pakamwa panauma. Sanamukalipire pamaso pa wodwala. Atatuluka anamuuza kuti wophunzira wonena kuti sindinamve amaphunzitsika, koma wonena kuti ndamva asanamve adzapha munthu tsiku lina. Linali tsiku lachinayi pamene khutu linatseguka: pakati pa kugunda kuwiri kuja panali kaphokoso kofuza, ngati mpweya wothawa pa chubu cha njinga. Anali magazi akubwerera m'mbuyo pa kachitseko kosatseka bwino. Mtima uli ndi zipinda 4 ndi tizitseko 4, timene achipatala amati mavalavu, ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti magazi akupita mbali imodzi. Pambuyo pake anakaona pa makina a eko, amene amagwira ntchito ngati sikani ya amayi oyembekezera. Mtima wabwino ukagunda umatulutsa magawo 55 mpaka 70 pa 100 alionse a magazi amene ali m'chipinda chake chachikulu. Anaona mitima yotulutsa osakwana 30, yongogwedezeka ngati thumba.

Iye ankaganiza, monga ndinkaganizira inenso, kuti mtima ndi matenda a okalamba ndi a mabwana onenepa a m'tauni. Pabenchi panali agogo ndithu, koma panalinso ana a yunifolomu, amayi ali ndi makanda kumbuyo, ndi abambo a msinkhu wanga. Izi si za ku Lilongwe kokha. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2012, wa odwala 1,006 ogonekedwa ndi vutoli m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti zaka zawo pakatikati zinali 52, pamene ku Ulaya ndi ku America ambiri amakhala a zaka za m'ma 70. Chimene chinawononga mitima yambiri, pafupifupi 45 pa 100, inali BP. Kuno kwathu kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Mtima umene ukukankha magazi movutikira zaka 10 kapena 15 umakhuthala, kenako umakula, kenako umalefuka, ndipo zonsezi zimachitika mutu osapweteka.

Koma mtsikana wa kachitseko uja, wa zaka za ku pulayimale, BP analibe. Dokotala anafunsa mayi ake ngati mwanayo ankadwaladwala zilonda zapakhosi. Mayiwo anati eya, monga ana onse. Nanga anayamba watupapo mfundo, lero bondo, mawa chigongono, thupi likutentha? Anati zinachitika zaka zingapo zapitazo, tinamugulira mankhwala a malungo ndi a ululu, zinatha.

Makolo anzanga, apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Zilonda zapakhosi zambiri zimabwera ndi chimfine ndipo zimatha zokha. Koma pali zina zoyamba ndi kachilombo kotchedwa strep, zimene zimakonda ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka kumene anthu amagona mothithikana ndi kuphunzira mothithikana. Mwana amamva kuwawa pomeza, thupi limatentha, timwanabele ta m'khosi timatupa, koma kawirikawiri sakhosomola ndipo mamina palibe. Zikapanda kuchizidwa, mwa ana ena thupi polimbana ndi kachilomboko limasokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo zake ndi tizitseko ta mtima wake womwe. Pakatha masabata awiri kapena atatu mfundo zimayamba kupweteka mosinthana. Ana ena manja amayamba kugwedezeka okha, kugwetsa kapu, kulemba moipa, ndipo kusukulu amakwapulidwa kuti ndi chibwana. Mfundo zimachira, koma kachitseko kamatsala ndi chipsera, ndipo kachilomboko kakabweranso chipseracho chimakula.

Musaganize kuti ndi za kutali. Mu 2014 madokotala anapita ndi makina a eko m'sukulu ndi m'midzi ya boma lathu lino la Lilongwe n'kuyeza ana 1,450. Mwa ana 100 alionse, atatu ndi kupitirirapo pang'ono anapezeka ndi zizindikiro za matendawa pa tizitseko tawo, chonsecho akusewera bwinobwino. M'kalasi ya ana 100, imene kuno si yachilendo, ndiye kuti muli atatu.

Mankhwala otchinga zonsezi ndi penisilini, jakisoni mmodzi kapena mapiritsi a masiku 10 omaliza onse. Makapisozi awiri a pa golosale sachiza, amangopusitsa. Mwana amene mtima wagwidwa kale amabayidwa penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, ena mpaka atakula, kuti kachilomboko kasapezenso mpata. Jakisoniyo ndi wowawa. Mwana wathu anaona mnyamata wina akulira asanalowe n'komwe m'chipinda, ndipo namwino anamuuza kuti ambiri amathawa akafika ku sekondale, pamene palibenso mayi wowagwira dzanja. Kachitseko kakawonongeka kwambiri, chotsala ndi opaleshoni. Kwa zaka zambiri imeneyo inkatanthauza kudikira mwayi wopita kunja, makamaka ku India. Mu 2023 chipatala cha mpingo wathu cha Blantyre Adventist, mothandizana ndi madokotala ochokera kunja, chinachita maopaleshoni otsekula mtima konkuno, ndipo tinakondwera. Koma amene angathandizidwe motero ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Jakisoni mmodzi pa Nathenje kapena pa Mitundu, pa nthawi yake, amachita ntchito imene pambuyo pake imafuna gulu lonse la madokotala.

Nkhani imene inamusowetsa tulo inali ya mayi wachitsikana, khanda la miyezi iwiri lili m'manja mwa agogo ake. Anachira bwinobwino, koma patapita masabata angapo anayamba kutupa, kukhosomola usiku ndi kubanika. Kumudzi anati ndi mdulo. Mwamuna anaikidwa pabwalo kuti anene kumene anayenda, mankhwala achikuda anaphikidwa, ndipo mwezi unatha anthu akukambirana mlandu. Anafika kuchipatala atanyamulidwa. Eko inaonetsa mtima wotupa ndi wolefuka, matenda amene amagwira amayi ena kumapeto kwa mimba kapena miyezi yoyamba atachira, ngakhale amene sanadwalepo mtima. Ambiri akayamba mankhwala msanga mtima umabwerera, ena ayi. Ndipo mimba ina yotsatira ikhoza kuwapha, choncho za kulera pamenepa si nkhani ya kufuna kapena kusafuna.

Ife a mpingo timanena kuti za mdulo tinazisiya. Pa Sabata m'mawa n'zoona. Koma munthu akatupa pakhomo, woyamba kuitanidwa ndi azakhali, ndipo ine ndaona mabanja a mu mpingo akugwedezeka ndi mlandu woterewu. Chodabwitsa n'chakuti makolo athu anaona bwino ndithu: kutupa, chifuwa, kufooka, ndipo anakayikira mchere. Anangophonya pofunsa kuti wathira ndani, m'malo mofunsa kuti wathira wochuluka bwanji. Sindikunena kuti kutupa kulikonse ndi mtima. Impso zimatupitsa, chiwindi chimatupitsa, kuchepa kwa magazi kumatupitsa, ndipo kwa mayi woyembekezera kutupa nkhope ndi manja kukhoza kukhala BP yoopsa. Chifuwa cha usiku chikhoza kukhala TB kapena mphumu, ndipo TB yomweyo nthawi zina imadzaza madzi m'kathumba kokuta mtima. Zonsezi wosiyanitsa ndi wachipatala, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimatha ndi mlandu wa pabwalo.

Za mankhwala anaphunzira kuti kulemba n'kosavuta, chovuta ndi kumwa. Furosemide, amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, amachotsa madzi pokodzetsa. Bambo wina anaulula kuti tsiku la ulendo samwa, chifukwa minibasi siima kuti munthu ataye madzi, ndipo masiku a msika samwanso. Dokotala sanakalipe. Anakambirana naye nthawi yomwera imene ingagwirizane ndi maulendo akewo. Mankhwala ena monga enalapril, carvedilol ndi spironolactone ntchito yake ndi kupeputsa katundu wa mtima kuti munthu akhale zaka zambiri, koma wakumwayo samva kusintha msanga, ndiye ndi amene amayamba kusiyidwa. Kutupa kukatha munthu amati ndachira. Pakapita miyezi iwiri amabwera pa machira. Enalapril amakhosomoletsa anthu ena ndipo sayenera mayi woyembekezera. Zikatero kauzeni achipatala asinthe, osangosiya chamumtima. Ndipo pali mapiritsi a ululu amene timagula ngati maswiti, Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi. Kwa wodwala mtima amenewa ndi adani.

Tsopano tsamba langa lija.

Amene munakhalapo pa maphunziro anga, kaya ku msonkhano wa misasa kaya pa Sabata la zaumoyo, mukukumbukira phunziro la madzi. Makapu 8 patsiku. Limenelo ndi labwino ndipo sindikulibweza. Koma m'munsi mwake ndinalemba ndekha, sindikukumbukiranso kuti ndinazimva kwa yani, mawu akuti miyendo ikatupa onjezerani madzi akumwa kuti atsuke m'thupi, viikani mapazi m'madzi otentha ndi ozizira mosinthana, ndipo imwani makala opera.

Pa Sabata lija, tikuyenda kupita kutchalitchi, tinapeza mayi wina wa Dorika ataima pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili m'chiuno. Ndi mayi wamkulu, wa msinkhu wa amayi anga, amene kale ankatitsogolera wapansi kukaona odwala mpaka kumidzi ya kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. Tinawapatsa moni. Anayankha mawu awiri, kupuma, mawu awiri, kupuma. Yunifolomu inali yochapa bwino, koma kuphazi anavala patapata. Ine ndinadziwa chifukwa chake, poti anandiuza miyezi itatu yapitayo kuti nsapato zasiya kulowa, ndipo ndinawapatsa malangizo a patsamba lija. Ankawatsata mokhulupirika.

Titaweruka, mwana wathu anandikokera pambali n'kupempha kuti tikawaone madzulo. Atafika anagwada, kupereka moni, n'kuyamba ndi kunena kuti, "Agogo, ine sindine dokotala, ndine mwana wasukulu chabe. Koma mundilole ndikufunseni. Usiku mumagonera mapilo angati?"

Mayiwo anaseka mpaka kutsamwa. "Mapilo ndiwatenga kuti, mwanawe? Ndimatsamira thumba la chimanga. Ndikagona pansi ndimakhala ngati munthu wandikhalira pachifuwa."

Anapempha kuona mwendo, n'kudinikiza ndi chala. Kadzenje kanatsala, ndipo tonse atatu tinakhala chete kukayang'ana. Anapempha buku lakuchipatala. Munalembedwa kuti zaka zingapo zapitazo anawapeza ndi BP n'kuwapatsa mankhwala. Anamwa miyezi ingapo, mutu utasiya kupweteka anasiya. Pawindo panali kapepala ka Brufen wa mawondo. Mwanayo sanatchule dzina la matenda. Anangoti, "Agogo, Lolemba m'mawa mupite kuchipatala, musadikire Lachiwiri. Koma befu likakula usiku uno, kapena milomo ikada, tipeze galimoto usiku womwewo."

Pobwerera sanandidzudzule, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Ndinamufunsa ndekha ngati madzi aja ndi amene anawapweteka. Anati si wodwala mtima aliyense amene amaletsedwa madzi. Amene ali bwino amamwa monga mwa ludzu lawo, koma amene atupa kwambiri dokotala amawaikira malire, kuwerengera pamodzi ndi phala, thobwa ndi zakumwa zonse. Kuuza munthu wotupa kuti awonjezere madzi ndi kuthira madzi m'ndowa yosefukira. Za makala anati amagwira mankhwala m'mimba asanalowe m'magazi, choncho amene akumwa mankhwala a mtima asamwe makala osafunsa. "Koma chachikulu, mayi aang'ono, ndi miyezi itatu ija. Anali ndi chochita, ndiye sanaone chifukwa chopitira kuchipatala."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi oona. Mayiwo sanapite kwa sing'anga. Anabwera kwa ine, wa zaumoyo wa mpingo wawo, ndipo ine ndinawachedwetsa monga momwe bwalo la mdulo linachedwetsera mtsikana uja. Madzi, mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, zakudya zakudimba, kupewa fodya ndi kachasu, zonsezi zimateteza mtima ndipo ndipitiriza kuziphunzitsa mpaka mawu adzathe. Koma sizitseka kachitseko kong'ambika. Mpingo womwewu umene unatiphunzitsa za madzi ndi umene unamanga chipatala ndi sukulu ya zachipatala ku Malamulo.

Lolemba ndinawaperekeza pa Mitundu Community Hospital. Wachipatala anawayeza BP, inali pamwamba kwambiri. Anamvetsera kumsana n'kunena kuti m'mapapo muli madzi. Anawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo, n'kuwalembera kalata ya ku Central kuti akaunike mtima. Madokotala a mtima m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo wodwala wa kuno woyamba kumugwira ndi clinical officer kapena namwino. N'chifukwa chake ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, imene kuno inayambira ku Neno ndipo mayiko a mu Africa anaivomereza pa msonkhano wa WHO mu 2022, ikuphunzitsa anthu amenewa kuona matenda a mtima m'zipatala za m'maboma. Tikudikira pabenchi ndinawapepesa mayiwo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe unandiuza zimene unkadziwa." Sindinapeze choyankha.

Patatha masabata awiri anabwera kutchalitchi atavala nsapato.

Ntchito yotsala inali ya kukhitchini, ndipo imeneyo ndiye yovuta. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono ka tiyi kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Ife amene sitidya nyama timadziona ngati tinapulumuka, koma tayang'anani m'mbale mwathu. Soya pieces amabwera ndi kapaketi kake ka mchere, ife n'kuthiranso wina. Timabuloko tokometsera ndiwo mbali yaikulu ndi mchere. Soda wa mu therere ndi mu nkhwani ndi mbale wake wa mchere, thupi limamulandira chimodzimodzi. Usipa wouma wothira mchere, buledi, chipisi cha pachiwaya, ndiyeno kambale ka mchere pamkeka kuti aliyense adziwonjezere. Mdzukulu amene amawaphikira mayi aja ndinamuonetsa kupatula ndiwo za agogo asanathire mchere, n'kukometsa ndi tomato, anyezi, nsinjiro ndi madontho a ndimu. Sabata loyamba anadandaula kuti akudya udzu. Lilime limazolowera, koma limatenga masabata angapo, ndipo limazolowera msanga ngati banja lonse lachepetsa, osati wodwala yekha kumadya zake pambali ngati wolangidwa. Kwanga ndinachotsa dzanja mu mchere, ndikugwiritsa ntchito kasupuni. Bambo a kunyumba sananenepo kanthu, ndiye kaya sanazindikire kaya akupirira.

Pamalo pa tsamba ndinang'amba lija ndalembapo zochepa. Mwana wa zilonda zapakhosi ndi thupi lotentha apite kuchipatala, ndipo wa mfundo zopweteka mosinthana asadikire n'komwe. Wamkulu aliyense ayezetse BP ngakhale sakumva kanthu, ndipo amene anayamba mankhwala asasiye chifukwa mutu wapola. Munthu wotupa mapazi, wobanika pa mtunda umene kale ankauyenda bwino, wogona chotsamira, kapena mayi amene wangochira kumene n'kuyamba befu, ameneyo ndimuperekeze, ndisamupatse malangizo. Funso la mapilo ndinalisintha kuti ligwirizane ndi kwathu kuno: mumagona chogona, kapena chotsamira?

Amayi a Dorika anasonkha ndalama tinagula sikelo yoimapo. Ikukhala kwa mayi aja, ndipo mdzukulu wawo amalemba m'kope m'mawa uliwonse, akangotaya madzi, asanadye, atavala zofanana ndi dzulo. Achipatala anati akakwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, abwere asanayambe kubanika.

Mwana wathu anachoka ku mtima kuja, tsopano ali ku wodi ya ana. Anaimba foni usiku wa Lachitatu, ndipo asanafunse za amayi ake anati, "Agogo aja akulemera bwanji?" Kope ndinali nditaliona masana ake, ndiye ndinamuwerengera: 61, 61, 62.

"Nanga thumba la chimanga?"

Ndinati analibweza kunkhokwe, akugona pamphasa.

"Chabwino. Mawa mukaonenso. Ikapitirira 63 musadikire tsiku lawo la kiliniki."